Kasankhidwe ndi kakonzedwe ka waya wopangira makhwekhwe

Khwekhwe likalephera, anthu ambiri amaloza chala loko (kachitsulo kotsetsereka pa waya kamene kamatseka kamwa la khwekhwe) kapena malo amene anatchera. Koma mukatola makhwekhwe olepherawo n'kuwayang'anitsitsa, kawirikawiri mlandu umapezeka kuti ndi wa waya. Wina anaduka nyama itangodzipotokola kangapo. Wina ndi wofewa kwambiri moti kamwa la khwekhwe linalendewera n'kutsekeka lokha ndi mphepo. Wina anachita dzimbiri, loko n'kukanika kutsetsereka. Choipa kuposa zonsezi ndi waya amene anakana kulekerera pamene anayenera kutero, n'kugwira mwendo wa ng'ombe kapena wa nyama ina yaikulu imene wotcherayo sankaifuna n'komwe.

Malangizo awa ndi a munthu amene ali ndi chilolezo chotchera: mlenje wovomerezeka, wogwira ntchito yoteteza ziweto ku zilombo, kapena wofufuza amene amagwira nyama yamoyo kuti aiyeze n'kuimasula. Waya wonenepa si ndiye wabwino. Wabwino ndi amene mukudziwa mapangidwe ake, kunenepa kwake ndi mphamvu yake, ndipo mwasankha nokha malo amene khwekhwe lidzalekerere likakola chosayenera.

## Musanagule waya, funsani lamulo

M'mayiko ambiri makhwekhwe ndi oletsedwa kotheratu, ndipo m'nkhalango zotetezedwa kutchera ndi mlandu woti munthu n'kumangidwa nawo. Ku Britain, Wales inaletsa makhwekhwe mu 2023, Scotland mu 2024. Ku England lamulo la 1981 limaletsa khwekhwe la loko wongomanga osabwerera, ndipo limalamula kuti wotchera azionera makhwekhwe ake tsiku lililonse. Kumene amalola, lamulo limafika mpaka pa wayayo. Ku Pennsylvania, m'dziko la America, amatchula mtundu wa waya, kunenepa kwake, kutalika kwake ndi kukula kwa kamwa, ndipo munthu amayamba wachita maphunziro asanaloledwe kutchera. Pitani ku ofesi yoona za nyama zakuthengo ya m'dziko lanu, mukamve zimene zili zololedwa chaka chimenecho. Akakuuzani kuti n'zoletsedwa, nkhani yathera pomwepo.

## Zofunika kukhala nazo

Waya ndi tizitsulo:

- waya wopota wachitsulo, wogulidwa pa mkukutu wolembedwa mtundu ndi kunenepa kwake
- timapaipi ta aluminiyamu totchedwa ferrule, ta bowo limodzi ndi ta mabowo awiri, tolingana ndendende ndi wayayo
- loko wobwerera, amene amamasuka nyama ikasiya kukoka
- kangowe kolekerera, kooneka ngati chilembo S kapena J, kolembedwa kulemera kumene kamatambasukira
- kachitsulo kozungulira kotchedwa swivel, kamodzi kapena tiwiri pa khwekhwe lililonse
- kapaipi ka pulasitiki kapena kasipuling'i kogwirira waya wochirikiza
- waya wosapota wa nkhosi imodzi wa geji (nambala ya kunenepa) 9 kapena 11 wochirikizira khwekhwe

Zida:

- chodulira waya wopota, cha mano opindika
- chofinyira ferrule
- caliper yoyezera kunenepa, ndi tepi yoyezera kutalika
- sikelo yokoka, ya ngowe
- magolovesi achikopa ndi magalasi oteteza maso
- mphika wakale umene suphikiranso chakudya, ndi soda

Pa zida zonsezi, chodulira ndi chofinyira musazilowetse m'malo ndi china. Pulayala wamba ndi hamala ndi zimene zimawonongetsa makhwekhwe ambiri asanatuluke n'komwe m'nyumba.

## Gawo 1: Werengani nkhosi kuti mudziwe mtundu wa waya

Pa mkukutu wa waya pamalembedwa manambala awiri, monga 7x7. Nambala yoyamba ndi kuchuluka kwa nkhosi, yachiwiri ndi kuchuluka kwa timawaya m'nkhosi iliyonse. Dulani kachidutswa, masulani nsonga yake, muwerenge nokha. Otchera amagwiritsa ntchito mitundu itatu.

7x7. Nkhosi 7, iliyonse ya timawaya 7, tonse pamodzi 49. Uyu ndiye waya wa aliyense. Amapindika bwino koma amakhalabe ndi msana, kamwa lake limakhala lozungulira mokwanira, ndipo pamwamba pake pali timizere tomwe loko amagwirapo. Amapirira kupotokola kwa nyama kuposa 1x19. Ngati mukuyamba kumene ndipo lamulo lakwanu likumulola, yambani ndi ameneyu, ndipo musafulumire kumusiya.

1x19. Nkhosi imodzi ya timawaya 19: kamodzi pakati, 6 mozungulira, ndi 12 kunja. Timawaya take n'tonenepa, choncho ndi wouma, wosalala, ndipo pa kunenepa kofanana amaposa anzake mphamvu. Kamwa lake limakhala lozungulira bwino ngakhale kukuwomba mphepo, loko amathamanga pa iye chifukwa cha kusalala, ndipo nyama zotafuna waya zimavutika naye. Ubwino umenewu uli ndi mtengo wake. Waya wouma akathyoka sabwerera, ndipo pamene wathyokapo ndi pamene amadukira. Nyama ikayamba kugubuduzika, 1x19 wopanda swivel yabwino amapiringizika msanga. Chinanso, maloko ena a mano amaterereka pa iye, ndiye musaganize kuti loko amene anagwira bwino pa 7x7 agwiranso pano musanamuyese. Kumupinda mozungulira bowo laling'ono kumavutanso. Mukakakamiza, timawaya takunja timatukuka.

7x19. Nkhosi 7 za timawaya 19, tonse 133. Ndi wofewa ngati chingwe cha nsalu, sathyoka wamba, ndipo amapirira kupindidwapindidwa kuposa onse. Koma kamwa lake silikhala lozungulira, limalendewera, ndipo timawaya take n'tating'ono kwambiri moti mano amatidula kamodzikamodzi. Malo ake abwino ndi kuwonjezera kutalika, kuchokera pa khwekhwe kukafika pa chikhomo. Ofufuza ogwira zimbalangondo pa mwendo amagwiritsanso ntchito waya wamtunduwu, wonenepa pafupifupi mamilimita 5, chifukwa kufewa ndi kunenepa kumachepetsa kucheka khungu.

*Chenjezo:* pali waya wina wooneka ngati 7x7 koma pakati pake pali ulusi m'malo mwa nkhosi yachitsulo. Amalembedwa 6x7. Mphamvu yake ndi yocheperapo, amaphwatalala mukamufinya, ndipo ulusiwo umasunga madzi. Mukamasula nsonga n'kupeza kaulusi pakati, muikeni pambali.

## Gawo 2: Sankhani chitsulo chake

Waya wambiri wa makhwekhwe ndi wachitsulo chokutidwa ndi zinki, chimene pa mkukutu amachilemba kuti galvanized. Ogulitsa amamutchulanso aircraft cable, koma dzinalo lisakunamizeni kuti ndi waya woyesedwa kuti alowe m'ndege. Limangotanthauza waya wopota woonda wa mtundu umenewu. Zinkiyo imateteza ku dzimbiri kwa nyengo yokwanira, imazilala mukaiwiritsa, ndipo imagwirizana ndi ferrule ya aluminiyamu. Pa ntchito zambiri za pamtunda, uyu ndiye wosankha.

Chitsulo chosachita dzimbiri, cha nambala 304 kapena 316, chimathandiza m'madzi, makamaka amchere, kumene 316 amapirira kwambiri. Koma chimanyezimira ndipo kuwiritsa sikuchizilalitsa. Chikakhudzana ndi aluminiyamu pachinyontho, aluminiyamuyo amadyeka, kotero pamafunika ferrule yamkuwa. Ndipo pali mbali imene ambiri saiganizira: khwekhwe lachitsulo chotere likaiwalika kuthengo silifa. Limakhala likudikira nyama kwa zaka. Pachifukwa chimenechi ine sindilimbikitsa chitsulo chotere pamtunda.

Waya wamkuwa wachikasu, brass, ndi wa tinyama ting'onoting'ono monga akalulu. Ndi wofewa, amasunga mpindo umene mwamupatsa, ndipo amaduka nyama yamphamvu ikakoka. Kuduka kumeneku n'kofunika. Pa chilumba cha Newfoundland ku Canada, otchera akalulu amaloledwa waya wamkuwa wa geji 22 kapena kawaya kopota ka nkhosi 6 kokolekera zithunzi basi, chifukwa kanyama kosowa kotchedwa marten kakakodwa kamatha kudula mawaya amenewa n'kupulumuka, pamene m'waya wosachita dzimbiri kamafera momwemo. Apa lamulo linasankha waya wofooka mwadala, ndipo ndi mmene wotchera aliyense ayenera kuganizira.

Waya wakuda wofewa wa nkhosi imodzi si wopangira kamwa la khwekhwe. Ntchito yake ndi kuchirikiza. Pa geji, nambala ikamachepa waya amanenepa: geji 9 ndi pafupifupi mamilimita 3.7, geji 11 pafupifupi 3, geji 14 pafupifupi 2.

*Chenjezo:* musamange khwekhwe ku chikhomo kapena ku mtengo ndi waya wosapota wa nkhosi imodzi. Nyama ikamupinda uku ndi uku kwa mphindi zingapo amathyoka, ndipo imapita ndi khwekhwe m'khosi. Pomangirira pamafuna waya wopota kapena tcheni.

Waya wokutidwa ndi pulasitiki, ngati woyanikira zovala, musamugule n'komwe. Kunenepa kumene mukuona ndi kwa pulasitiki, chitsulo cham'kati n'chochepa, ndipo loko ndi ferrule zimagwira pulasitikiyo n'kuvuuka nayo.

## Gawo 3: Yezani kunenepa

Tengani caliper, muyeze waya pamene watambalala kwambiri, kuchokera pamsana pa nkhosi ina kukafika pamsana pa nkhosi yoyang'anana nayo. Mukayeza m'mipata ya nkhosi mupeza nambala yochepa. Yezani malo atatu osiyana.

Waya wamtunduwu amagulitsidwa kwambiri m'mainchi, ndiye dziwani kusintha kwake:

- 3/64 ndi mamilimita 1.2
- 1/16 ndi mamilimita 1.6
- 5/64 ndi mamilimita 2.0
- 3/32 ndi mamilimita 2.4
- 1/8 ndi mamilimita 3.2

Kusiyana kwa 2.0 ndi 2.4 kumaoneka kochepa m'maso, koma loko ndi ferrule zimakuzindikira. Ferrule ya 3/32 pa waya wa 5/64 imatsala ndi mpata ngakhale mutaifinya bwanji.

## Gawo 4: Linganizani mphamvu ya waya ndi nyama

Opanga waya amalemba kulemera kumene wayayo amadukira akadali watsopano. Pa waya wa zinki, manambala odziwika ndi awa, mowerengera pafupifupi:

- 7x7: wa 1.6 amaduka pa makilogalamu 218, wa 2.0 pa 295, wa 2.4 pa 417, wa 3.2 pa 770
- 1x19: wa 1.6 pa makilogalamu 227, wa 2.4 pa 544, wa 3.2 pa 950
- 7x19: wa 2.4 pa makilogalamu 454, wa 3.2 pa 907

Wina angafunse kuti nkhandwe yosakwana makilogalamu 10 ifuniranji waya wa makilogalamu 200 ndi kuposa. Yankho lake n'lakuti nyama sikoka mwaulemu ngati sikelo. Imathamanga mpaka waya atathera n'kugwedeza mwamphamvu, imagubuduzika, imaluma. Kugwedeza kumachulukitsa kulemera kwake kangapo, kupotokola kumamasula nkhosi, ndipo mano amachotsa timawaya. Nambala ya pa mkukutu ndi ya waya wowongoka, wouma, wokokedwa pang'onopang'ono. Waya wathengo sakumana ndi zimenezo.

Otchera a ku North America, kumene luso limeneli linalembedwa kwambiri, amatsata ndondomeko iyi: mamilimita 1.2 pa tinyama ngati mink ndi kalulu, 1.6 pa nkhandwe ndi amphaka amtchire, 2.0 pa nkhandwe ndi nyama za kumeneko monga raccoon, beaver ndi coyote, 2.4 pa coyote ndi beaver, ndipo 3.2 pa mimbulu ndi nguluwe. Si lamulo, koma ndi poyambira pabwino.

Pali mfundo ina imene imaoneka ngati yotembenuka. Waya woonda ndi amene amavulaza kwambiri, chifukwa mphamvu yonse imathera pa kamzere kochepa ka khungu. N'chifukwa chake kumene cholinga ndi kugwira nyama yamoyo, malamulo amaika malire a kuonda. Pennsylvania salola waya wochepera 3/32. Ndiye ngati mukufuna kuti galu wa mnzanu akakodwa mumumasule ali bwinobwino, nenepetsani waya pang'ono, koma kufooka mukuike pa kangowe kolekerera. Waya akhale wolimba kuposa nyama imene mukufuna. Kangowe kakhale kofooka kuposa nyama imene simukufuna. Ku Pennsylvania kangoweko kayenera kutambasuka pa makilogalamu 170 kapena kucheperapo, pamene waya wa 7x7 wa 3/32 amafika 417.

*Chenjezo:* waya wonenepa mopitirira pa nyama yaing'ono amachedwa kutseka. Nyama imalowetsa mutu ndi miyendo yakutsogolo, n'kukodwa m'chiuno kapena m'mimba, kumene imavulala koopsa.

## Gawo 5: Masulani ndi kudula

1. Lowetsani ndodo pakati pa mkukutu kuti uzizungulira pamene mukukoka waya. Musauike chafufumimba pansi n'kumasolola waya chakumwamba. Mkombero uliwonse umene mwasolola chotero umasiya kupotoka kumodzi m'waya, ndipo kupotokako kumadzasanduka mfundo.
2. Valani magalasi. Waya wouma akadulidwa amakwapula, ndipo tizidutswa ta timawaya timauluka.
3. Khomani misomali iwiri pa thabwa motalikirana ndi muyezo umene mukufuna, kuti zidutswa zonse zifanane. Kutalika kutsate lamulo lakwanu. Ku Pennsylvania malire ndi mamita 2.1 kuchokera pomangirira. Waya wautali umapatsa nyama mpata wothamanga n'kugwedeza mwamphamvu, komanso wodzikulunga pa zitsamba.
4. Dulani kamodzi, mwachangu, ndi chodulira cha mano opindika. Mano otere amazinga waya n'kumudula ali wozungulira. Pulayala amaphwanya nsonga, timawaya n'kumwazika, ndipo nsonga yomwazika silowa mu ferrule yolingana nayo. Apa ndi pamene anthu amatengera ferrule yaikulu kuti ntchito iyende, vuto n'kuyambira pomwepo.
5. Ikani chidutswa pansi muone mmene chikudzipindira. Waya aliyense amakumbuka mkukutu umene anachokera. Popanga kamwa tsatirani mpindo umenewo. Mukalimbana nawo, kamwa limapotoka ngati nambala 8.

## Gawo 6: Lumikizani tizitsulo

Ndondomeko ndi yofunika chifukwa ferrule ikafinyidwa sibwerera. Yalani tizitsulo tonse pa thabwa motsatana musanafinye kalikonse.

1. Kunsonga imodzi pangani kadiso kakang'ono ndi ferrule ya mabowo awiri, mukolekemo kangowe kolekerera. Mbali ina ya kangoweko ilowe pa bowo la loko. Tsekani kangowe mpaka nsonga zake zitangokhudza, osapitirira. Mukakafinya mopyola, kapena mukakatsegula n'kukatsekanso kangapo, kulemera kumene kamatambasukira kumasintha ndipo nambala yolembedwa ija ilibenso tanthauzo.
2. Lowetsani ferrule ya bowo limodzi kuchokera kunsonga inayo, muifikitse pafupi ndi loko. Ichi ndi choimitsa cham'kati, chimene chimaletsa kamwa kutsekeka mpaka mapeto. Ku Pennsylvania kamwa lotsekeka siliyenera kuchepera masentimita 20 mozungulira, omwe ndi pafupifupi 6.4 m'mimba mwake, kuti mwendo wa gwape uvuuke. Ku England malangizo a makhwekhwe a nkhandwe amaika choimitsachi pa masentimita 26. Yezani ndi tepi kuchokera pa loko, kuphatikizapo kutalika kwa kangowe, kenaka finyani.
3. Pisani nsonga ya waya pa bowo lachiwiri la loko kuti kamwa lipangike. Musanapitirire, yesani. Loko ayenera kutsetsereka mosavuta potseka, ndipo mukaleka kukoka abwerere pang'ono. Akakana kutseka, mwamulowetsa chagada.
4. Ikani choimitsa chakunja, choletsa kamwa kukula mopitirira. Malire a ku Pennsylvania ndi masentimita 96 mozungulira, pafupifupi 30 m'mimba mwake.
5. Lowetsani kapaipi kogwirira waya wochirikiza.
6. Malizani ndi swivel, kenaka washala yaing'ono ndi ferrule kunsonga. Zunguzani swivel ndi zala muone ngati ikuyenda momasuka. Pa 1x19, kapena pa khwekhwe lowonjezeredwa kutalika, ikani swivel yachiwiri pakati.

Pofinya, gwiritsani ntchito mpata wa chofinyira wolingana ndi ferrule, ndipo siyani kansonga ka waya ka mamilimita awiri kapena atatu kakuonekera kunja kuti mutsimikize kuti waya wadutsa yense. Ferrule yaitali ifinyeni kawiri kapena katatu motsatana.

*Chenjezo:* kumenya ferrule ndi hamala pa chitsulo kumaoneka ngati kwagwira, koma kumachita chimodzi mwa ziwiri. Mukamenya pang'ono waya amavuuka. Mukamenya kwambiri mumaphwanya timawaya m'kati momwe simukuona, ndipo waya amadzadukira m'mphepete mwa ferrule. Choimitsa cham'kati chikaterereka, khwekhwe logwira nyama yamoyo lasanduka lopha.

## Gawo 7: Yesani musanapange ambiri

Pangani atatu oyamba kuti muwawononge dala. Kolekani swivel pa mtanda wolimba, zingani kamwa pa paipi yachitsulo, mukoke kudzera pa sikelo pang'onopang'ono, mutaima pambali osati kutsogolo kwa waya. Chimene mukufuna kuona n'chakuti kangowe katambasuke koyamba, pafupi ndi kulemera kolembedwa, kamwa n'kutseguka lonse, ferrule zonse zili m'malo mwake. Ikayamba kuvuuka ndi ferrule, konzani kafinyidwe. Akayamba kuduka ndi waya, ndiye kuti wayayo si amene analembedwa pa mkukutu, kapena mwamuvulaza pofinya. Bwerezani kuyesaku nthawi iliyonse mwagula mkukutu watsopano kapena paketi yatsopano ya tingowe.

## Gawo 8: Chotsani mafuta ndi kunyezimira

Waya watsopano amabwera ndi mafuta a kufakitale, onunkha ndiponso ogwira fumbi. Kulungani makhwekhwe momasuka, muwaike mumphika wa madzi, muthiremo soda masupuni angapo, awire pafupifupi theka la ola. Mafuta amayandama pamwamba. Atsanuleni kapena thirani madzi ena kuti asefukire musanavuule makhwekhwe, apo ayi adzadutsanso m'mafuta omwewo potuluka. Tsukuluzani ndi madzi oyera, muwayanike panja pamthunzi. Zinki imasanduka yotuwa, yosanyezimira.

Musawiritse mobwerezabwereza kapena ndi soda wochuluka, chifukwa mukudya zinki yomwe ikuteteza wayayo. Musapake girisi kapena phula, loko amaterereka. Penti yochindikala imatseka timizere ta waya ndi kuchedwetsa loko.

*Chenjezo lalikulu:* musawotche waya pamoto kuti ade. Mphamvu ya waya wopota imachokera ku kukokedwa kwa chitsulo chili chozizira kufakitale, ndipo moto umaichotsa. Waya wowotchedwa amaoneka wabwinobwino koma wafewa, ndipo simungadziwenso pamene adzadukire. Utsi wa zinki nawonso umadwalitsa mukaupuma.

Akauma, asungeni m'chidebe chotseka, kutali ndi mafuta agalimoto, feteleza ndi mchere. Lembani pa chidebecho mtundu wa waya, kunenepa kwake ndi chiwerengero cha makhwekhwe. Chiwerengerocho n'chofunika: amene mwatulutsa ndi amene muyenera kubweza.

## Gawo 9: Waya amene wagwirapo nyama

Waya amagwira kamodzi. Nyama ikakodwa, wayayo amapindika, nkhosi zimatakasuka, ndipo loko sangathamangenso bwino pa iye ngakhale mutamuwongola ndi manja. Dulani, sungani loko ndi swivel ngati sizinapindike, kangowe katayeni, ndipo waya wakaleyo mumudule tizidutswa n'kupita naye kunyumba. Kamwa la waya lotayidwa patchire limakolabe.

Ngakhale khwekhwe limene silinagwire kanthu liyenderedwe musanalitcherenso. Kokani waya m'kansalu kofewa: pakakhala kawaya kothyoka, nsalu imakodwapo. Musayese ndi chala chopanda golovesi. Mukapeza kawaya kothyoka ngakhale kamodzi, mpindo wakuthwa, nkhosi zotukuka, kapena dzimbiri lofiira losachoka popukuta, m'chotseni.

## Za waya wotola

Waya wa mabuleki a njinga, wa kilatchi ya njinga yamoto, wa m'mphepete mwa matayala owotchedwa, wa mpanda, wa mafoni, nkhosi zomasulidwa ku chingwe cha winchi: zonsezi anthu amapangira makhwekhwe, ndipo palibe ngakhale chimodzi choyenera. Simudziwa mphamvu yake, simudziwa zaka zimene wagwira ntchito, ndipo tizitsulo ta muyezo sitilingana naye, choncho amathera pa mfundo yongomanga yopanda choimitsa, yopanda kangowe, yopanda swivel. Khwekhwe lotere silisankha. Ndi limene limadula chitamba cha njovu, kusiya mkango ndi bala lozungulira chiuno, ndi kupha nyama zambiri zimene zimangowolera pomwepo mwini wake osabwerako. Oyang'anira nkhalango ku Africa ndi ku Asia amazula makhwekhwe otere miyandamiyanda chaka ndi chaka. Ngati mulibe waya wa muyezo ndi tizitsulo take, musatchere. Mukakumana ndi khwekhwe lotere kuthengo, dziwitsani oyang'anira nyama. Ngati m'khwekhwemo muli nyama yamoyo musaiyandikire, chifukwa nyama yokodwa imaluma ndi kuponda aliyense.

## Zolakwa zofala

Kugula ndi maso. Waya wopanda chizindikiro pa mkukutu akhoza kukhala 6x7 wa ulusi, kapena wa mamilimita 1.8 wogulitsidwa ngati 2.0. Werengani nkhosi, yezani, kokani pa sikelo.

Kusakaniza miyezo. Waya wa mamilimita ndi ferrule ya mainchi nthawi zina zimayandikana koma osalingana. Gulani waya, ferrule ndi loko za muyezo umodzi, ndipo musunge muyezo uliwonse m'kabokosi kake.

Kuchotsa kangowe chifukwa nyama ina inapulumuka. Izi zimachitika kwambiri, ndipo n'zomvetsa chisoni. Munthu akapeza kangowe katatambasuka amaganiza kuti kamulanda nyama, n'kukachotsa kapena kuika kolimba. Yang'anani mapazi pamalopo kaye. Nthawi zambiri chimene chinapulumukacho ndi chimene chinayenera kupulumuka. Ngati ndi nyama yomwe mumaifuna, fupikitsani waya kuti isapeze mpata wothamanga, m'malo molimbitsa kangowe kupyola malire a lamulo.

Kumanga mfundo pa waya wopota. Mfundo imapinda timawaya mwakuthwa ndi kuchotsa gawo lalikulu la mphamvu. Polumikiza paliponse pakhale ferrule.

Swivel yodzaza matope kapena udzu. Swivel yosazungulira ili ngati palibe. Iikeni pamene singakwiririke, ndipo muziizunguza nthawi iliyonse mukuonera.

Kuiwala kuti dzimbiri limasintha loko. Loko wobwerera pa waya wadzimbiri kapena wa nkhosi zotukuka sabwereranso. Ku England khwekhwe lotere limatha kuwerengedwa ngati la loko wongomanga, lomwe ndi loletsedwa, ngakhale munaligula lili lovomerezeka.

Kutchera ochuluka kuposa amene mungaonere. Waya wabwino, choimitsa ndi kangowe zimangogulira nyama maola owerengeka. Onerani tsiku lililonse, m'mamawa, mutanyamula chodulira waya m'thumba, chifukwa galu kapena mbuzi ikakodwa mulibe nthawi yolimbana ndi loko. Lembani malo a khwekhwe lililonse m'kabuku kapena pa GPS, ndipo tsiku limene mukudziwa kuti mawa simubwera, zulani onse muwawerenge.